Lipoti la kiliniki imene inatsala ndi data capturer mmodzi, komanso nkhani ya thumba lapadera la ndalama za data

Lipoti ili ndalembera anzanga amene tili pa ntchito za data ya zaumoyo kuno ku Johannesburg, a M&E (otsata ndi kuunika momwe ntchito ikuyendera), ma data capturer (olowetsa data mu kompyuta), manesi ndi ma counsellor, komanso inu muli kumudzi amene mwakhala mukundifunsa kuti zinatha bwanji ndalama za America zitaima. Dzina la kiliniki sinditchula, bungwe lomwe ndinkagwirako sinditchulanso, ndipo odwala awiri amene nditawafotokoze ndasintha zina kuti asadziwike. Chomwe ndikufuna tikambirane ndi chakuti ntchito yolowetsa ndi kusamala data ya odwala ikufunika thumba lakelake la boma lolembedwa m'malamulo, ndipo thumbalo lizifika mpaka pa desiki ya munthu amene akutayipa fayilo ku kiliniki, lisamathere ku likulu.

Malo ake ndi momwe ntchito inkayendera

Kiliniki yake ndi ya boma, yaing'ono poiona koma anthu amayamba kuima pamzere kusanache, ili m'dera la zipinda za lendi kumene munthu lero ali pano mwezi wamawa wasamukira ku Tembisa kaya ku Diepsloot kutsata maganyu. Odwala ambiri ndi eni dziko koma aMalawi, aku Zimbabwe ndi aku Mozambique aliponso ochuluka ndithu. Ine ndinkayang'anira data m'makiliniki angapo a sub-district imodzi, wolembedwa ntchito ndi bungwe lomwe linkalandira ndalama za PEPFAR, pulogalamu ya boma la America yolimbana ndi HIV, kudzera ku USAID.

Kwa amene simunagwirepo kuno, zimayenda chonchi. Wodwala akafika, kalaliki amatulutsa fayilo yake ya pepala, nesi amamuona nkulemba mufayilomo, ngati ndi nthawi ya magazi amatenga nkutumiza ku labu ya boma ya NHLS, kenako fayilo ija imapita ku chipinda cha data kumene capturer amalowetsa zonse mu TIER.Net isanabwerere pa shelefu. Anzathu a kumudzi ingoganizani master card ya ART ija, kungoti kuno ikatha kulembedwa imalowanso mu kompyuta. TIER.Net inapangidwa ku University of Cape Town ndipo ndi imene imasunga mbiri ya wodwala aliyense wa HIV ndi TB pa kiliniki. Kumapeto kwa mwezi manambala ophatikiza amakwera kupita mu DHIS, sisitimu yosonkhanitsa manambala a zaumoyo, ku district, ku chigawo cha Gauteng mpaka ku likulu ku Pretoria. Ambiri sadziwa kuti DHIS yomwe tonse timaidziwayi inayambira konkuno ku South Africa, ku Western Cape m'zaka za m'ma 1990, mogwirizana ndi University of Oslo, ndiye DHIS2 imene mumagwiritsa ntchito ku Lilongwe ndi ku Mzimba ndi mdzukulu wa imeneyo.

Phindu lenileni la TIER.Net si lipoti la pamwezi ayi, ndi mindandanda imene imatulutsa. Amene aphonya tsiku lawo sabata ino, amene nthawi ya viral load (kuyeza kuchuluka kwa HIV m'magazi) yakwana, amene zotsatira zawo zabwera zili pamwamba, amene adutsa masiku 90 osaoneka. Lolemba lililonse capturer amapulinta mindandandayo nkupatsa ma tracer (ofufuza odwala amene asowa) ndi ma counsellor, iwo amayamba kuimba mafoni. Fayilo ikapanda kulowetsedwa ndiye kuti mndandanda ukunama, ndipo aliyense amene akutsatira mndandandawo akugwira ntchito pa bodza mosadziwa.

Pa kiliniki imeneyi panali ma capturer anayi. Mmodzi yekha ndiye anali pa payroll ya boma, atatu enawo anali a bungwe lathu. Ma laputopu awiri, router ya intaneti, toner, airtime ya ma tracer, ngakhale makatoni osungira mafayilo akale, zonsezo zinkachokera ku pulojekiti. Palibe amene ankaziona zachilendo, zinakhala choncho zaka zambiri mpaka aliyense anazolowera kuti data ndi ya ma partner, mabungwe othandiza boma aja.

Zomwe zinachitika

Pa 20 January 2025 boma la America linalamula kuti thandizo lopita kunja liime kaye kwa masiku 90, masiku ochepa chabe makalata oimitsa ntchito anafika ku mabungwe, pa 7 February kunatulukanso lamulo lina lokhudza South Africa payokha, ndipo chakumapeto kwa February makontirakiti ambiri a USAID kuno anathetsedweratu. Nduna ya zaumoyo Dr Aaron Motsoaledi anafotokoza kuti PEPFAR inkapereka pafupifupi 17% ya ndalama zolimbana ndi HIV m'dziko muno ndipo ma ARV ambiri boma limagula lokha. Zimenezo ndi zoona, ndipo pa kiliniki yathu mankhwala sanasowe. Koma 17% imeneyo inali makamaka pa anthu, m'ma district 27 amene ali ndi HIV yochuluka, Johannesburg ili momwemo, ndipo anthu akewo ndi ma counsellor, ma tracer ndi ma data capturer. Mu February momwemo boma linakhazikitsa kampeni ya Close the Gap ku chipatala cha Chris Hani Baragwanath, yofuna kuika anthu ena 1.1 miliyoni pa mankhwala pofika December 2025, kampeni imene kuti uidziwe ngati ikuyenda umadalira manambala omwewo amene owalowetsa ake anali atangopita kunyumba.

Ma capturer atatu anachoka tsiku limodzi, ma laputopu anabwezedwa poti anali katundu wa pulojekiti, router inazima bundle itatha. Anatsala mtsikana mmodzi wa boma uja, wolimbikira kwambiri, koma ntchito ya anthu anayi munthu mmodzi sangaithe ngakhale atamagona pompo. Komanso kalaliki wa pa reception akadwala amamutenga iyeyo kukakhala kutsogolo, tsiku limenelo mu TIER.Net simulowa kanthu.

Ine kontirakiti yanga inathanso nthawi yomweyo. Ndinabwererako patapita miyezi pa kontirakiti yaifupi ya bungwe lina, yoti tikathandize kuchotsa backlog, mafayilo otsalira osalowetsedwa. Chipinda cha data ndinachipeza mafayilo ataunjikidwa pansi kutsamira khoma, milu yofika m'chiuno, pamwamba pa mulu uliwonse pali kapepala kolembedwa ndi marker kuti February, March, April, May, milu ina itagwa nkusakanikirana. Pa windo panali katoni ya zotsatira za labu zopulintidwa zimene zinali zisanaikidwe m'mafayilo ake. Ndiye poti mafayilo enieni anali m'milu imeneyi, wodwala akabwera kalaliki amafufuza pa shelefu osaipeza, mzere ukutalika panja anthu akudandaula, basi amangotsegula fayilo yatsopano yongoyembekezera. Munthu mmodzi mafayilo awiri, ena atatu, iliyonse ili ndi kachidutswa ka mbiri yake.

Odwala awiri

Oyamba ndi bambo wa kwathu konko, wa zaka za m'ma 40, amagwira ntchito yomata matailosi m'ma site. Ali pa ma ARV otchedwa TLD kwa zaka zingapo. Magazi a viral load anatengedwa mu January, zotsatira zinatuluka ku labu m'nthawi yake zili pamwamba pa 1,000. Mwa malamulo a kuno viral load yotsika bwino ndi yosafika 50, ndipo ikakwera chonchi munthu amayenera kuitanidwa msanga, akhale pansi ndi counsellor aone chikuvuta nchiyani, nesi aone ngati pali matenda ena kapena mankhwala ena amene akusokoneza, kenako magazi abwerezedwe pakatha miyezi itatu. Zonsezi zimayamba ndi dzina lake kutuluka pa mndandanda. Dzina silinatuluke chifukwa pepala la zotsatira linali m'katoni ya pa windo ija ndipo fayilo yake inali mu mulu wa February. Bamboyu anabwera kudzatenga mankhwala pakatipa, anaonedwa ndi nesi wina pa fayilo yongoyembekezera imene munalibe chilichonse cha magazi, anapatsidwa mabotolo ake nkumapita.

Titamupeza pa backlog nkumuimbira anabwera mawa lake lomwe, ataonda, akutsokomola, ndipo makhololo atayezedwa pa makina a GeneXpert anapezeka ndi TB. Atamva kuti ndimayankhula Chichewa anamasuka, anati, "Achimwene, ine ndimayesa magazi anga ali bwinobwino, poti kale zikavuta mumaimba foni." Anafotokoza kuti anasamukira m'chipinda chogona anthu anayi, amadzuka 4 koloko kuthamangira taxi, ndiye mankhwala amamwa mobisa ndipo masiku ena amadumphitsa. Sindikunena kuti TB inabwera chifukwa cha fayilo, TB kuno ndi yambiri ndipo akanatha kudwala ngakhale zonse zikanayenda bwino. Chomwe ndikunena ndi chakuti labu inagwira ntchito yake, boma linalipira kuyeza magaziwo, yankho linalipo m'nyumba momwemo kwa miyezi, koma panalibe munthu wolipidwa kuti alitenge pa windo nkulifikitsa pamaso pa nesi. Panopa ali pa mankhwala a TB, counsellor anamuthandiza kusintha nthawi yomwera, akupezako bwino.

Wachiwiri ndi mayi wogwira ntchito ya m'nyumba, iyeyu sanaphonyepo ngakhale kamodzi. Anaikidwa pa CCMDD, pulogalamu ija yoti odwala amene ali bwino azikatengera mankhwala ku pharmacy kapena malo ena apafupi osabwera ku kiliniki mwezi ndi mwezi. Zoti watenga phukusi lake zimaoneka mu sisitimu ina yotchedwa SyNCH, ndipo pamafunika munthu woti aziona kumeneko nkukonza mu TIER.Net. Munthuyo panalibe. TIER.Net inamuwerenga ngati wosowa, dzina lake linalowa pa mndandanda wa oti akafufuzidwe kunyumba, wazaumoyo wa m'dera anapita pa adiresi yake atavala yunifomu nkupeza mlamu wake amene sankadziwa kalikonse. Wazaumoyoyo sanaulule kanthu, anachita mwanzeru ndithu, koma mafunso anayamba pakhomopo. Mayiyu anabwera ku kiliniki akulira, anauza a Sister oyang'anira kuti akufuna transfer apite kwina. Nkhani iyi imandipweteka kuposa yoyamba ija, chifukwa munthu anachita zonse zomwe tinamuuza ndipo ife ndi amene tinamubweretsera mavuto pakhomo.

Pamwamba pa izi, chiwerengero cha amene akadali pa mankhwala, chija timati TROA, chinatsika pa pepala kwa miyezi yotsatizana. Ena anasiyadi, ena anasamukira makiliniki ena osatenga kalata, makamaka obwera amene mu 2025 ankabwezedwa pa geti ndi magulu ofunsa ma ID, ena anali ngati mayi uja. Kuchokera mu ofesi sungasiyanitse magulu atatuwa, onse amaoneka nambala imodzi yotsika, chonsecho manambala omwewo ndi amene amagwiritsidwa ntchito poika ma target ndi pokonza bajeti ya chaka chotsatira.

Zomwe tinachita

Sitinayambe ndi mulu wakale kwambiri ayi. Tinayamba ndi mndandanda wa zotsatira wochokera ku NHLS, poti labu ili ndi database yake imene sinaime, tinasankha onse a viral load yokwera, amayi oyembekezera, ana ndi a TB, nkusaka mafayilo awo kaye m'milumo. Kenako tinafananitsa onse a CCMDD ndi SyNCH tisanalole kuti mndandanda wina uliwonse upite kwa ofufuza kunyumba. Mafayilo obwereza tinawaphatikiza pamanja. A Sister oyang'anira anavomera kuti kalaliki mmodzi aphunzire TIER.Net ndipo tinamutsegulira login yakeyake, chifukwa zobwerekana password pa data ya odwala ndi kuphwanya lamulo loteteza zinsinsi za anthu la POPIA ndipo pakalakwika sudziwa walakwitsa ndani. Backlog inatha. Koma inatha ndi ndalama za pulojekiti ina yaifupi, kutanthauza kuti chimene chinayambitsa vuto chikadali pomwepo.

Nkhani ya ndalama

Kumudzi tonse tikudziwa za mjigo, bungwe limabwera kudzakumba nkupita, koma mjigo umene umakhalitsa ndi wa mudzi umene komiti yake imatolera kangachepe mwezi ndi mwezi nkusunga padera kuti rabala ikatha agule tsiku lomwelo. Data ili m'gulu limenelo la zinthu zofuna ndalama zochepa koma zosadukiza. National Health Act ya 2003 imanena kuti boma likhazikitse ndi kuyendetsa dongosolo la uthenga wa zaumoyo, ndipo zigawo zili ndi udindo wake pamenepo, koma lamulo kunena kuti ntchito ichitike ndi zina, kunena kuti ndalama yake izichokera pati ndi zinanso. Mu bajeti ya chigawo data imapikisana ndi malipiro a manesi, mankhwala, oxygen, ma ambulansi ndi milandu ya kukhoti, ndiye bwana aliyense atapatsidwa kusankha pakati pa nesi ndi capturer asankha nesi, inenso nditakhala pampandopo ndingachite chimodzimodzi. Nchifukwa chake nkhaniyi siyofunika kuisiya m'manja mwa bwana wa pa kiliniki kapena wa district chaka ndi chaka.

Ma state ena a ku America komweko, pa data yawo ya kwawo, anasankha njira ya thumba lapadera kalekale. Ku California kuli California Health Data and Planning Fund. Zipatala ndi nyumba zosamalira odwala nthawi yaitali zimalipira kandalama chaka chilichonse kowerengedwa pa ndalama zomwe zimagwiritsa ntchito poyendetsa chipatala, lamulo linaika malire oti kasapitirire 0.035%, tingoti 35 pa 100,000 iliyonse, ndipo ndalamazo zimalowa m'thumba limeneli kuyendetsa ntchito yotolera ndi kufalitsa data ya zipatala pansi pa dipatimenti imene kale inkatchedwa OSHPD, kuyambira 2021 ndi HCAI. Ku Massachusetts bungwe la data ya zaumoyo la CHIA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2012, ndalama zake zimachokera ku zipatala ndi kwa olipira ma bilu a odwala monga makampani a inshuwalansi. Ku Maine nakonso Maine Health Data Organization, ya m'zaka za m'ma 1990, imayendera zopereka za opereka chithandizo ndi a inshuwalansi, ndipo state imeneyi inali yoyamba kukhala ndi database yophatikiza ma claim (ma bilu a chithandizo) a olipira onse. Ganizo lake ndi losavuta, amene akupanga ndalama mu zaumoyo ndiponso amene amapindula ndi manambala abwino azisonkha pang'ono, bungwe la data lizidziwiratu kuti chaka chamawa lili ndi zingati, lizitha kulemba anthu ntchito yokhazikika nkuwasunga.

Yerekezani ndi Pennsylvania. Bungwe lawo la PHC4 lilipo kuyambira 1986 ndipo limadziwika ndi malipoti oonetsa momwe chipatala chilichonse chikuchitira, koma limadalira kwambiri ndalama zovomerezedwa ndi aphungu chaka ndi chaka kuphatikiza zogulitsa data, ndipo mu 2008 lamulo lolikhazikitsa litatha nthawi aphungu asanalikonzenso, linatseka kwa masiku angapo ogwira ntchito ali kunyumba mpaka bwanamkubwa analowererapo. Dziko lolemera, bungwe la zaka zoposa 20, koma linaima chifukwa cha kukokana kwa andale.

Thumba lapadera lili ndi mavuto ake ndipo ndisabise. Loyamba, amene akusonkha amafuna mawu, ndiye ngati zipatala ndi inshuwalansi zili ndi mipando yambiri mu board, malipoti owawa amayamba kufewa. Lachiwiri, boma likapanikizika limatha kubwereka kapena kusesa ndalama za m'matumba apadera kukatseka mabowo ena, pokhapokha lamulo litatseka khomo limenelo. Komanso ndalama payokha siibweretsa data, pamafunika mphamvu ya lamulo yokakamiza anthu kupereka. Mu 2016 khoti lalikulu la America pa mlandu wa Gobeille ndi Liberty Mutual linagamula kuti state ya Vermont singakakamize ma pulani a zaumoyo amene mabwana amadzilipirira okha kupereka ma claim awo, ndipo ma database a ma state ambiri anataya gawo lalikulu la data kuchokera pamenepo ngakhale ndalama zoyendetsera zinalipo. Ndipo ngakhale California yomweyo pofuna kumanga database yatsopano ya ma claim inachita kutapa madola 60 miliyoni mu bajeti yaikulu mu 2018, kusonyeza kuti kathumba ka levy, zosonkha zija, kamakwanira kuyendetsa, kumanga chatsopano kumafuna ndalama ina.

Nanga kuno zingatheke?

Kukopera ndendende sizingatheke, chifukwa state ya ku America imatolera misonkho yake pomwe chigawo cha kuno chimadalira ndalama zochokera ku boma lalikulu. Malamulo oyendetsera dziko salola chigawo kuika msonkho wa pa malipiro kapena VAT, zomwe Gauteng imatolera yokha ndi monga malaisensi a galimoto, msonkho wa juga ndi zolipira odwala m'zipatala, zochepa poyerekeza ndi bajeti yonse. Komanso National Treasury, yoyang'anira chuma cha boma, siikonda zomangirira msonkho ku ntchito imodzi, mfundo yawo ndi yakuti ndalama zonse zilowe mu National Revenue Fund kenako zigawidwe poona zofunika. Chitsanzo ndi msonkho wa zakumwa za shuga, Health Promotion Levy, umene unayamba mu April 2018, dzina lake ndi la zaumoyo koma ndalama zake zimalowa m'thumba lalikulu. Mfundo ya Treasury ndimaimvetsa, ukamangirira ndalama iliyonse boma limasowa poyendera pakagwa zadzidzidzi.

Koma zitsanzo za ndalama zomangidwa zilipo kale konkuno. Road Accident Fund, thumba lolipira ovulala pa ngozi za pamsewu, imadya levy ya pa mafuta. Chapafupi kwambiri ndi nkhani yathu ndi Council for Medical Schemes, yoyang'anira ma medical aid (inshuwalansi ya zaumoyo), imene imayendera levy yolipidwa ndi ma medical aid potengera mamembala awo, pansi pa lamulo la 2000, ndipo chaka chilichonse imatulutsa lipoti latsatanetsatane la gawo limenelo. Ndiye anthu pafupifupi 9 miliyoni a medical aid manambala awo ali ndi ndalama yokhazikika yowayang'anira, pomwe unyinji wonse umene umadalira kiliniki ya boma manambala awo pansi penipeni ankadalira kontirakiti yosainidwa ku Washington. Anzathu aku Zimbabwe ali ndi AIDS levy ya 3% pa msonkho wa malipiro ndi wa makampani imene inakhazikitsidwa mu 1999, imayendetsedwa ndi National AIDS Council, inafooka kwambiri nthawi ya kugwa kwa ndalama yawo cha m'ma 2008 ndipo ogwira ntchito zosalembetsa salipira, koma ilipobe mpaka lero. Kwathu ku Malawi lingaliroli si lachilendo, misewu ili ndi levy yake pa mafuta, TEVET ili ndi 1% ya pa payroll, ndiye amene anganene kuti za thumba lapadera ndi za azungu sakunena zoona.

Njira imene ine ndikuiona yapafupi kuno si msonkho watsopano. Ndalama zambiri za HIV zimafika ku zigawo kudzera mu conditional grant, panopa ikutchedwa District Health Programmes Grant, ndipo grant yotere imabwera kale ndi malamulo a zomwe ingagwiritsidwe ntchito, amalembedwa mu Division of Revenue Act chaka chilichonse. M'menemo mungathe kukhala gawo lotsekedwa la data, lolembedwa poyera kuti ndi la ma post a ma capturer okhazikika pa PERSAL (sisitimu ya malipiro a ogwira ntchito m'boma), makompyuta, intaneti ndi maphunziro, ndi muyezo woti kiliniki ya odwala ochuluka mwakuti iyenera kukhala ndi ma capturer angati, ndipo ndalama imeneyo isasunthidwe kupita ku zina pakati pa chaka. Post ikakhala pa PERSAL munthu amakhala ndi penshoni, amakhazikika, amawadziwa mafayilo ndi odwala ake, pomwe wa kontirakiti ya miyezi sikisi maso ake amakhala pa ntchito ina kuyambira tsiku loyamba ndipo sindingamudzudzule.

Kumtunda kwake ndiye kungafunike levy yeniyeni ngati ya ku California. Lamulo la NAPHISA linasainidwa mu 2020 ndi cholinga chobweretsa pansi pa bungwe limodzi ntchito ngati za NICD, yotsata matenda opatsirana, ndi National Cancer Registry, kaundula wa khansa, zomwe zili ku Sandringham konkuno ku Johannesburg. Bungwe ngati limenelo likamadalira zotsala za bajeti lidzakhala likupemphetsa kwa ma donor pa kafukufuku aliyense. Kagawo kochepa kwambiri kochokera ku zipatala za private ndi ma medical aid, amene nawonso amapindula mliri ukadziwika msanga, kangalipatse poyambira pokhazikika, bola lamulo linene momveka kuti osonkhawo alibe mphamvu yoletsa lipoti kutuluka, ndiponso kuti nawonso azipereka data yawo.

Chimodzi chomwe ndimatsutsana nacho ndi anzanga ena a M&E ndi chakuti iwo amati tikangopita pa electronic record yonse, nesi azilowetsa yekha, vuto la ma capturer latha. Sisitimu yabwino ndikuifuna nanenso, koma nesi amene akuona mzere wofika pa geti sadzakhala pansi kufananitsa SyNCH ndi TIER.Net kapena kuphatikiza mayina obwereza a munthu amene pa pasipoti dzina lake linalembedwa mwina pa khadi la kiliniki mwina, zomwe kwa ife obwera zimachitika tsiku ndi tsiku. Ntchitoyo idzasintha maonekedwe koma munthu wake adzafunikabe, ndipo ma server, malaisensi ndi intaneti ndiye zimafuna ndalama ya chaka ndi chaka kuposanso mapepala.

Momwe zilili panopa

Pa kiliniki ija ma capturer alipo awiri, wa boma uja ndi kalaliki amene tinamuphunzitsa, koma kalalikiyo post yake ikadali ya pa reception ndiye masiku otanganidwa amabwerera kutsogolo. Mindandanda ya Lolemba inayambiranso kutuluka, ndipo tinagwirizana ndi a Sister kuti dzina lililonse lisanapite kwa ofufuza kunyumba lizionedwa kaye mu SyNCH ndi mu zotsatira za labu. Mayi uja anatenga transfer yake, tinatsimikiza ndi kiliniki yatsopanoyo pafoni kuti wafika ndipo akulandira mankhwala.

Ndi anzanga a makiliniki ena a sub-district yomweyi tikulemba mtengo weniweni wa ntchito ya data pa kiliniki imodzi kwa chaka, malipiro, zipangizo, intaneti, toner ndi airtime ya ma tracer, chilichonse pa mzere wake, kuti tikapereke ku komiti ya kiliniki ndi ku district nthawi yokonza mapulani isanatseke, poti chaka cha boma kuno chimayamba pa 1 April. Amene muli m'makiliniki a Ekurhuleni ndi Tshwane ndipo munaona zofanana, lembani zanu m'njira yomweyi, ma post angati anali a boma, angati a partner, ndi chiyani chinaima atachoka, popanda mayina a odwala, kuti tikazipereke pamodzi.